Mfundo pa nsalu za mwana

Mwaswera bwanji nonse, ndine Tamara.

Mawa achemwali akwera boti kukadikirira kuchipatala. Nsalu za mwana zinachepa, ndiye tinatenga ziwiri m'sutikesi ya malemu amayi, zija ankavina nazo nthawi ya chipani chimodzi. M'mawa ndinazipinda ndekha bwinobwino.

Pobwera kusukulu ndapeza iliyonse ili ndi mfundo pakona. Achemwali akuti sanazikhudze, ndipo pakhomo sipanafike munthu.

Azakhali ataona anati, "Masula, mwanangu, woyembekezera sayenda ndi mfundo." Atayang'anitsitsa anandigwira dzanja. "Dikira kaye. Kamangidwe aka ndi ka mayi ako. Ankatero akafuna kuti munthu asapite panyanja."

Sindinamasule. Inu akuluakulu, achemwali akwerebe boti, kapena tiwadzeretse msewu wa kumapiri ndi pathupi pawopo?