Mipesa ya Varaz

M'mudzi wa kutsinde kwa mapiri a Rshtunik munali bambo wina dzina lake Varaz, mlimi wa mphesa. Amalonda onse oyenda ndi abulu ankapadziwa pakhomo pake, chifukwa palibe amene ankachokapo asanalawe mphesa zouma ndi kumva mbiri ya mpesa uliwonse, kuyambira umene anadzala bambo ake.

Masamba akangoyoyoka, Varaz ankamasula mipesa pazichiri, kuigoneka pansi n'kuikwirira ndi dothi kuti chisanu chisaiphe. Onse amatero kuno, koma iye ndiye ankatsirizira, poti ankaipinda pang'onopang'ono ngati akugoneka khanda.

Chaka chimene kalonga wa dzikolo anakana kugonjera Aluya, mthenga anafika pakavalo m'mamawa akufuula kuti adani akukwera chigwa, aliyense athawire ku linga la paphiri. Anthu, amene anali atangoyamba kumene kukwirira mipesa yawo, anataya makasu m'minda n'kuyamba kukusa nkhosa. Varaz anali atakwirira theka lokha.

Mkazi wake Zaruhi anamupeza ali chigwadire m'munda.

"Bambo ake Nerse, simunamve? Kapena mukudikira Aluyawo adzakugwirireni khasu?"

"Tsogolani, mayi. Ndikaisiya pamtunda chonchi, tidzapeza nkhuni zokhazokha."

"Nanga ine ndidzapeza chiyani? Chipewa chanu?"

Varaz anangopinda mpesa wina. Zaruhi anayang'ana kuchigwa, anayang'ana kuphiri, kenaka anatula mtolo wa mikate n'kutola khasu limene mnansi anataya.

"Inu pindani, ine ndizikwirira. Koma mukayamba kuyankhula nayo mipesayi, ndikukwirirani limodzi."

Anagwira osapuma, dothi lozizira likuluma zala. Pomaliza mzere wotsiriza, utsi unali utayamba kuoneka kumidzi ya kumunsi. Anakwera phiri wefuwefu, ndipo mlonda anawalowetsa akuseka.

"Agogo, timayesa mwapita kukalonjera alendo!"

Nyengo yozizira yonse anakhala m'lingamo, akudya tchizi ndi mkate wa balere. Aluya anamanga misasa m'mudzi, nasonkhera moto mipesa imene inali pazichiri. Yotsala chisanu chinaimaliza. Munda wa Varaz anangoudutsa, poti munalibe chooneka koma milu ya dothi.

Adani atachoka ndipo chipale chofewa chitasungunuka, Varaz anagwada pa mpesa wa bambo ake n'kufukula ndi manja. Anakanda khungwa ndi chala. Mkati munali mobiriwira.

"Uli moyo, mayi ake Nerse!"

"Umenewo ndinaukwirira ndine," anatero Zaruhi.

Masiku amenewo anansi ankabwera mmodzimmodzi, ndipo Varaz ankadulira aliyense nthambi zokabzala, osaiwala kumuuza mbiri yake. Lero mphesa zimene amalonda amanyamula kuchokera m'mudzimo, pafupifupi zonse kwawo n'kumunda umenewo. Varaz wakalamba, amakhala padzuwa n'kumalangiza okwirira. Zaruhi amati chaka chija chokha ndi chimene anamuonapo akufulumira.