Tambala wa a Jailosi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinakafunsira ntchito koyamba, chaka chimene bambo anatisiya. Atsibweni anga, alongo awo a mayi, anali atagamula kale kuti ndisiye sukulu ndikawete ng'ombe zawo kutsinde kwa Dzalanyama. Tsono titamva kuti pa esiteti ina kufupi ndi Nathenje akulemba anyamata osankha fodya pa tchuthi, mayi anawapempha kuti ayambe adikira. Ndikanapeza ntchitoyo, ndikanadzilipirira ndekha sukulu kwathu ku Mitundu. Mayi anandichapira malaya, nandilangiza kuti ndikagwade, ndisakayang'ane wamkulu m'maso, ndipo chilichonse chimene akanene ndisakatsutse.

Ndinapita wapansi ndi msuweni wanga Yohane, mnyamata wosasunga mawu m'kamwa. Tinafika miyendo itatuwa ndi fumbi, n'kupeza mzera wa anzathu pakhomo pa shedi, pomwe fungo la fodya wachikopa linkatsamwitsa. Wolemba anthu anali kalaliki wina dzina lake a Jailosi, bambo wa mimba yake, pensulo ili kukhutu. Anagwirako ntchito ku Halale ndipo sankafuna kuti wina aiwale zimenezo. Anati iwo salemba zitsiru, ayamba atiyesa mitu monga amachitira kunjako.

Itafika nthawi yanga ndinagwada. Iwo anandiyang'ana ngati chinthu chimene aponda panjira.

"Tambala wakwera pamsonga pa denga, waikira dzira. Dziralo ligubudukira mbali iti?"

Ine nkhuku ndinakula nazo, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti tambala saikira. Yankho linafika pamlomo penipeni, koma ndinalimeza. Kuuza munthu wamkulu pagulu kuti wanena zosatheka, kwathu umenewo unali mwano. Ndinawerama n'kunena kuti ligwera kumene iwo bwana akuona kuti ligwera.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana akapitawo kuti adzaone mwana wa ku Mitundu amene kwawo atambala amaikira mazira. Kenaka anandilamula kuti ndiimirire, ndikupize manja, ndilire ngati tambala. Ndinalira, abale, poganiza kuti mwina akaseka mokwanira andimvera chisoni. Atatha kuseka anangondilozera kumsewu ndi pensulo.

Yohane anali pambuyo panga ndipo anaona zonse. Atamufunsa funso lomwelo, anayankha mosazungulira kuti tambala saikira mazira. Nkhope ya a Jailosi inasintha pomwepo.

"Ndiye ukuti ine ndine wabodza? Mwana wopanda mwambo ngati iwe angamvere kapitawo?"

Anamuwopseza ndi chikoti, nayenso n'kumupirikitsa. Tili chiimire pamsewu, tinaona anyamata ena amene sanali pamzera akulowa m'shedi popanda kufunsidwa kanthu. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamenepo anatinong'oneza kuti amenewo ndi akuchikazi kwa a Jailosi, ndipo malo anali atawasungira kalekale.

Tinauyamba ulendo wobwerera kwathu. Kunyumba mayi sanafunse za ntchito, nkhope yanga inali itawauza kale. Anangofunsa ngati ndinayankha mwaulemu. Nditavomera, anati, "Wachita bwino, mwanangu," kwinaku akupinda mphasa yanga, misozi ikugwera pa mphasapo. Za kulira ngati tambala sindinawauze mpaka analowa m'manda. Mlungu womwewo atsibweni anabwera kudzanditenga, ndipo m'kalasi sindinalowemonso.

Kwa zaka zambiri ndili kubusa ndinkadzitukwana, kuganiza kuti ndikanangotsegula pakamwa ndikanaphunzira. Ndinachedwa kuzindikira kuti Yohane anatsegula pakamwa ndipo tinabwerera limodzi. Funso lija silinali loyesera nzeru ayi. Linali lotichotsera pamzera, komanso lotichititsa kuti tipite tikudziimba mlandu tokha, mwini wake manja ali oyera.

Adzukulu anga akamabwera kuchokera kofunsira ntchito ku maofesi a ku Lilongwe ali khuma, ati awafunsa zozunguza mutu zosakhudzana ndi ntchito ndipo alephera, ndimawauza kuti asadziyese mbuli msanga, ayambe aona amene walowa osafunsidwa. Koma a Jailosi, amene pano anamwalira, anthu amati akufa timawakhululukira. Ine ndayesa, zandikanika. Sanandimane ntchito yokha, anatenga ulemu umene mayi anandiphunzitsa n'kuusandutsa choseketsa anthu.