Malata amene a Diretora Luwiza anakana kusainira

Ndikakumbukira a Diretora Luwiza, ndimamva fungo la choko ndi utsi wa zitsononkho, chifukwa m'mawa wa nyengo yozizira ankayamba awotha manja pambaula pakhonde pawo, ndipo ife a nyumba yoyandikana nayo tinkamva kutsokomola kwawo ndi kulira kwa njinga yawo yakale tisanatsegule n'khola lomwe. Anali mkulu wa sukulu yathu kufupi ndi Ntengo-Wambalame, mayi wamfupi, wamasiye, wolima mbatatesi ngati wina aliyense, amene anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi.

Sukulu yeniyeni inali pamsewu, koma ife ang'onoang'ono a kutsidya kwa mtsinje tinkaphunzirira m'chisakasa cha udzu kumudzi komweko, poti mvula ikagwa mtsinjewo sunkawolokeka. Mphepo ya ku Tsangano inkalowa paliponse, zala zinkauma mpaka pensulo kugwa, ndipo mvula ikayamba tinkaunjikana pakona ngati anapiye. Makolo ndi aphunzitsi anali atagwirizana kale kuti chilichonse chimene boma lidzapereke chidzayambire kwa ife. Amayi anga anali m'bungwe la makolo, choncho nkhaniyi inkakambidwa pakhomo pathu.

Malata ndi simenti zitafika, kunafikanso mawu ochokera ku distritu, kwa akuluakulu a boma: pamangidwe ofesi ya mkulu wa sukulu ndi mpanda wa kumsewu, kuti alendo odutsa aziona chitukuko. Ofesiyo ikanakhala ya a Luwiza eni ake.

Tsiku limene mkulu wina wa maphunziro anabwera ndi mapepala, a Luwiza ananyamulitsa mipando mpaka m'chisakasa chathu. Mlendoyo anakhala patsogolo pathu atakumbatira jekete lake, mphepo ikumulanda mapepala.

"Senyora Diretora, msonkhano wa akuluakulu uchitikire pakati pa ana?" anafunsa.

"Pepani a Shefe. Ndati nkhani ya ana tiikambire pamene pali anawo."

"Pulani yachokera kumwamba. Yanu ntchito ndi kusaina."

"Kumwamba kumachokeranso mvula, ndipo ikagwa imanyowetsa awa," anatero a Luwiza akutiloza. "Ife tinakhala pansi ndi makolo, tinasankha. Ine ndikakhale m'nyumba ya simenti awa akunjenjemera? Dzanja langa silisaina."

Sanakweze mawu. Anabweza cholembera cha mlendoyo ndi manja awiri, mwaulemu wonse, ngati akupereka madzi kwa apongozi.

Sindinganame kuti tinapambana. Patangopita masiku, lole inabwera n'kutenga malata onse kupita nawo kusukulu ina. Makolo ena anakwiya, abambo anga omwe, amvekere, "Ofesi ikanakhala yathu ndithu, tsopano tatsala ndi chiyani?" Kwa kanthawi abambo ankadutsa pakhonde la a Luwiza osapereka moni. Kenaka tinamva kuti a Luwiza awasamutsira ku Macanga, kusukulu yakutali kupitirira Furancungo.

Sabata yawo yomaliza sanaithere pa kumanga katundu. Anatenga chingwe ndi zikhomo, nayeza maziko a zipinda ziwiri pafupi ndi chisakasa, azimayi akuponda dothi la njerwa. Tsiku lonyamuka, tikudikira minibasi ya shapa pamsewu, amayi anga analira.

"Mukanangosaina, anzanga. Onani tsopano mukupita kuchilendo."

"Ndikanasaina, mawa akanabwera ndi china, atadziwa kuti kuno savuta. Umbani njerwa basi. Makoma akaima, wina adzachita manyazi."

Makomawo anaimadi, ndipo amene anaotcha njerwa zake anali abambo anga. Tinafolera ndi udzu. Malata anadzabwera ine nditachoka kale pasukulupo, a Luwiza atamwalira ku Macanga komweko osawaona.

Lero ndimagwira ntchito yokonza mapulani a masukulu ku distritu. Mapepala ena amafika patebulo panga atasankhidwa kale, pongotsala dzina langa. Mantha ndili nawo, ndili ndi ana akusukulu ndi munda umene sindifuna kuusiya. Komabe ndimafunsa kuti, "Eni ake mwawafunsa?" ndipo anzanga anditcha kale wovuta. Mwezi watha ndinabweza pepala limodzi losasaina. Nditafotokoza kunyumba, mkazi wanga anandifunsa ngati tiyambe kumanga katundu. Ndinamuuza kuti afufuze makatoni.