Tsiku Limene Tinaperekeza Achemwali ku Chileka

Achemwali anga atapeza ntchito ya unamwino ku London, zaka zija anamwino ankatuluka m'dziko muno ngati ngumbi, amayi anafunsa chinthu chimodzi chokha: ndi ulendo wa masiku angati? Achemwali anati ukanyamuka ku Chileka masana n'kukasintha ndege ku Joni, m'mawa mwake umakhala utafika. Amayi anangoseka. Bambo awo omwe anayenda mwezi wathunthu popita ku Halale, nanji ku Mangalande, kutsidya kwa nyanja?

"Akundinamiza dala ameneyu kuti ndisade nkhawa," anandinong'oneza.

Kwathu ku Nkhulambe foni yam'manja inali imodzi, ya aphunzitsi ena ochokera ku Ntcheu, ndipo inkagwira pokhapokha utakwera pachulu kuseri kwa sukulu. Tinapangana kuti achemwali akangofika aimbe kumeneko. Amayi analumbira kuti mawu oyamba a mwana wawo adzawamva ndi khutu lawo, osati kuchita kuuzidwa ndi munthu.

Ndege itangolowa m'mitambo, ine ndinati tiyeni tizithamanga. Amayi anakana. Poti mwana ali ndi sabata yonse panjira, anati tikagone kaye kwa azakhali ku Bangwe, m'mawa tikaone mbale zodyera mu Limbe. Ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma, koma amayi anga akanena anena. Mbalezo anazisankha mosafulumira, akugogoda iliyonse ndi chala, ine ndili chiimire, mtima ukuwira.

Linali dzinja. Matola amene tinakwera anatitimira m'matope tisanafike pa boma, ndipo tonse tinatsika kukankha, amayi atasenza mbale zawo. Tinagonanso panjira. Kotsalako tinamalizira pa njinga zahayala, phiri la Michesi lili bii ndi mvula.

Aphunzitsi aja anatichingamira tisanalowe n'komwe m'nyumba.

"Mayi, munali kuti? Mwana wanu wakhala akuimba kuyambira dzulo m'mawa. Akulira, akuti mwina mwachita ngozi."

Amayi anatula mbale n'kukhala pansi pomwepo. Mkwiyo wanga wonse unathera apo, ndinawamvera chisoni. Sanalole ngakhale kusamba. Tinapita kuchulu kuja n'kukadikira, ana asukulu atatizungulira, akuseka matope amene anali m'miyendo mwathu.

Foni italira, amayi anakwera chulu ngati mtsikana. Anaigwira ndi manja awiri, n'kukuwa kuti mawu akafike.

"Iwe! Wafikadi? Liti?"

Anamvetsera, pakamwa pali yasa. Kenako anaseka mpaka misozi, akupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye ukuliranji? Ife tangofika kumene, mwana wanga. Kutali n'kuno, kumeneko m'pafupi. Nandolo akakhwima ubwere udzatithandize kukolola."