Asilikali Osakhwima a Mwana wa Nambewe

Kristina Nambewe sukulu analekezera sitandade 6, koma ku Malomo konse kunalibe munthu wodziwa kufotokoza za magazi ngati iyeyo. Nzeruzo sanazitole panjira. Mwamuna wake Gregorio anamwalira mu 2005 atatheratu thupi, n'kumusiya ndi pakati pa miyezi isanu. Atapita kusikelo anamupeza ndi kachilombo ka HIV, ndipo ku boma la Ntchisi atawerenga asilikali a m'magazi mwake anapeza 90 okha, pamene munthu wathanzi amapitirira 500. Achibale a mwamuna wake anali atayamba kale kufunsana kuti munda atenga ndani.

Sanafe. Anayamba mankhwala, thupi linabwerera, ndipo mwana wake Tadala anabadwa wopanda kachilombo. Nambewe anali munthu wa mafunso. Namwino aliyense womupatsa mankhwala ankatopa naye, mpaka bungwe lina linamutenga kukamuphunzitsa milungu iwiri kuti azilangiza anzake. Kuyambira pamenepo, Lachiwiri lililonse ankaima pakhonde la chipatala chaching'ono cha kwawoko, pamaso pa anthu odikira mankhwala.

"Asilikali athuwa sagwa kumwamba ayi," ankatero. "Amabadwira m'mafuta a m'mafupa, ngati fodya panazale. Mbewu ndi imodzi, koma pokula amagawana ntchito. Ena amameza tizilombo. Ena akadali anthete amapita m'kachiwalo kena kuseri kwa fupa la pachifuwa, kukaphunzira kusiyanitsa mdani ndi mwini thupi, ndipo olephera amafera komweko. Amene kachilombo kamagwira ndi akapitawo, oitana anzawo kunkhondo. Mukasiya mankhwala, adzaitana ndani?"

Amuna amene ankabisa mabotolo m'zigafa za fodya anayamba kubwera masana dzuwa likuswa mtengo. Zaka khumi ndi zisanu anagwira ntchito imeneyi, mvula ikagwa ankayenda wapansi m'matope, nsapato zili m'manja.

Tadala anakula wamtali, wa phokoso, katswiri woponya mpira wa ntchemberembaye pasukulu pake. Ali Fomu 3, mu Epulo 2022, anthu ali kalikiliki kusoka fodya, anabwera kunyumba thupi likutentha. Kuchipatala anati ndi malungo, anamupatsa mankhwala. Patatha milungu iwiri kutentha kunabweranso. Kenako nkhama zinayamba kutuluka magazi akamatsuka m'kamwa, ndipo m'miyendo munabuka mawanga akuda ngati wamenyedwa.

Dokotala wa pachipatalapo anali mnyamata watsopano. Atamva kuti wodwalayo ndi mwana wa Nambewe, sanamugwire n'komwe.

"Kamuyezeni kachilombo," anauza namwino.

"Alibe, adokotala," anatero Nambewe. "Anayezedwa ali khanda. Chonde mulembereni kalata akamuwerenge magazi onse ku boma."

"Mayi, kulankhula pakhonde si udokotala."

Anamuyeza, sanapeze kanthu. Mwezi wotsatira anamuyezanso, poti mwina kachilomboko kanali kasanaonekere. Anamuyeza kachitatu. Miyezi itatu inatha anthu akufunafuna matenda a mayi m'thupi la mwana.

Kumudzi nkhani inali itapsa kale. Elizabeti, mchemwali wa malemu Gregorio, anabwera ndi mbale ya mtedza, n'kukhala pamkeka akuyang'ana Tadala kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, bwanji osangovomera? Mchimwene wanga anayamba chonchi. Inu mumauza anthu kuti asamabise, koma m'nyumba mwanu mukubisa."

Tadala anamva zonsezo. Alendo atapita anafunsa, "Amayi, kodi n'zoona? Ngati ndili nako mungondiuza, ndizimwa mankhwala ngati inuyo."

"Ukanakhala nako, mwanawe, bwenzi ndikudziwa chochita," anayankha Nambewe.

Mu Julaye sanadikirenso kalata ya munthu. Anakweza mwanayo panjinga yamoto, iye kumbuyo atamugwira m'chiuno, mpaka ku boma. Kumeneko anawerenga magazi, ndipo tsiku lomwelo anawatumiza ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Anaboola fupa la m'chiuno la Tadala ndi jakisoni wamkulu n'kutengamo mafuta. Patapita masiku, dokotala wina wamkazi anaitanira Nambewe m'kachipinda.

"Mayi, m'magazi muli timaselo timene timateteza thupi..."

"Asilikali. Ndikuwadziwa. Atsala angati?"

Dokotalayo anamuyang'ana kaye. "Sanachepe, mayi. Achuluka kuposa muyeso, kakhumi konse. Vuto ndi loti ndi osakhwima. Mmodzi anasokonekera akadali m'fupa, n'kuyamba kungoswana osakula. Adzaza m'mafupa monse, moti magazi ofiira ndi aja oumitsa bala akusowa pomera. Imeneyi ndi khansa ya m'magazi."

Nambewe anamva mawu aliwonse, ndipo chimenecho n'chimene chinamupweteka. Amayi ena m'wodimo ankangogwedeza mutu n'kutuluka ndi chiyembekezo chawo. Iye ankaona zonse bwinobwino.

"Ndinamupatsira ndine?"

"Ayi. Sizikukhudzana ndi matenda anu."

"Ndiye tengani mafuta a m'mafupa mwangamu mumuike."

"Zimenezo kuno sitichita. Ngakhale tikanamachita, anuwo sakanatheka."

"Nanga tikanabwera mu Epulo?"

Dokotalayo anayang'ana pafayilo, n'kunena kuti ayamba mankhwala mawa lake.

Mankhwalawo anali aukali. Anapha asilikali osakhwima aja pamodzi ndi abwino ochepa amene anatsala. Tsitsi linathothoka, m'kamwa munadzaza zilonda, ndipo Tadala ankaseka yekha kuti tsopano wafanana ndi mwana wa sitandade 1. Mu Seputembala anagwidwa ndi chifuwa, chifuwa wamba chimene mayi wina wodikirira wodwala anabwera nacho m'wodi. M'masiku anayi chinamutenga. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Pamaliro Nambewe anamangirira mapepala a kuchipatala kunsonga ya chitenje, kuti aliyense wofuna awerenge. Palibe anafunsa. M'siwa, Elizabeti analira mokweza kuti matenda amene anatenga bambo atenganso mwana, ndipo amayi a m'kwaya anamugwirira akusisima naye. Ambiri mwa iwo anali anthu amene Nambewe anawaperekeza yekha kukayezetsa.

Lachiwiri lotsatira sanapite pakhonde paja, ndipo sanapitekonso. Dokotala wachinyamata uja anasamutsidwira kwina asananene kuti pepani. Lero Nambewe amalima mtedza ndi soya, ndipo amagulitsa tomato pamsika wa Malomo. Mankhwala amamwabe m'mawa uliwonse, osadumphitsa. Wina akamunong'oneza funso la zaumoyo amayankha mwachidule, maso ali pa tomato.

Chaka chatha a katekisiti, Bambo Dominiko, anamupeza akusenda mtedza pakhonde. Anamupempha kuti tsiku lokumbukira odwala adzaimirire m'tchalitchi, auze mpingo mmene Mulungu wamusungira zaka pafupifupi makumi awiri.

Nambewe anawapatsa mpando, anawamvetsera mpaka atamaliza.

"Abambo," anatero, "zaka zimenezo ine sindinazipemphe zonse. Mukapeze wina."

A katekisiti anaimirira, chipewa chili m'manja. Kenako anatsanzika, ndipo iye anapitiriza kusenda mtedza.