Mwendo Umene Ndinawapangira Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anabwerako kuchipatala cha ku Mua ali ndi mwendo umodzi. Chilonda cha matenda a shuga chinali chitakana mankhwala, madokotala n'kudula mwendowo m'munsi mwa bondo. Mayi anali atamwalira kale, choncho pakhomo pathu ku Golomoti tinalipo awiri basi.

Bambo anali okonza njinga. Asanadwale, patsinde pa bwemba wa pakhomo sipankatha anthu, koma tsopano onse anasamukira kwa mmisiri wina wa kumsika. Anzanga nawonso anasiya kudzanditenga kokasewera phada, ena ankaopa kuona pamene anadulapo. Ndikaweruka kusukulu ndinkangomva kulira kwa njiwa ndi kutsokomola kwa bambo m'nyumba.

M'masiku amenewo ndinayamba kutokosa zitsulo zawo kuti ndiwapangire mwendo. Ndinatenga foloko ya njinga yakale n'kuicheka ndi sowo. Kunsi ndinamangirira chidutswa cha tayala, kumtunda chitini chokutidwa ndi chubu. Muyeso ndinautenga ndi chingwe pamwendo wotsalawo iwo akuwodzera masana. Ndinagwira ntchitoyi milungu itatu kuseri kwa nkhokwe, osauza munthu, manja akununkha girisi ndi dzimbiri.

Nditawapatsa, anautembenuza kawiri, nati, "Mwana wanga, wagwira ntchito." Anauvala, nayenda mpaka pamsewu atagwira ndodo. Mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe.

Tsiku lachinayi ndikuchapa, ndinapeza magazi ndi mafinya pansalu imene ankakulunga pabondopo. Ndinathamangira m'nyumba.

"Bambo, bwanji simunanene kuti ukukupwetekani?"

"Iwe unandifunsa?" anayankha mofatsa. "Unayeza mwendo, Nachisale, koma mwini mwendo sunalankhule naye. Ndiye ndinati ndisakugwetse mphwayi."

Chilondacho chinawabwezera kuchipatala, ndipo anagonako mwezi wathunthu. Mwezi umenewo ndinakhala ndekha pakhomo, Loweruka lililonse ndikupalasa njinga kukawaona. Palibe anandikalipira, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa chikwapu.

Lero ndine pulofesa. Ndimaphunzitsa uinjiniya wa makina ndi zipangizo za m'chipatala payunivesite ina kutali ndi kwathu. Bambo anamwalira ine ndili kunja kumaphunziro, asanavaleko ngakhale umodzi mwa miyendo yabwino imene ndinadzaphunzira kupanga.

Ophunzira anga amadabwa kuti sabata yoyamba sindiwalola kugwira chitsulo kapena kompyuta. Ndimawatumiza kukakhala ndi odwala, kumangomvetsera. Ndinazindikira movutikira kuti munthu wokukonda amatha kumeza ululu kuti asakuchititse manyazi, ndipo wodwala waulemu amachita chimodzimodzi kwa aliyense wovala gauni loyera. Ndiye munthu akandiuza kuti "zili bwino, adokotala," sindifulumira kukondwa. Ndimakoka mpando, n'kukhala pansi, n'kufunsanso.