Mipando yobwereka kwa aphunzitsi

Mwaswera bwanji nonse. Imvani zomwe zachitika kuno kwa Jenala lero.

Paja mng'ono wanga Esinati anasankhidwa kupita kukoleji koma fizi inatikanika. Ndiye lero kunabwera bambo wina wochokera kuboma kudzaona ngati pakhomo pano tilidi osowa, kuti boma limulipirire sukulu.

Amayi atangomva kuti kukubwera mlendo, anathamangira kwa aphunzitsi kukabwereka mipando iwiri yakhushoni, tebulo ndi wailesi. Ine pochokera kumunda wa nandolo ndapeza m'nyumba mukuwala ngati mwa bwana. Ndinati, "Amayi, mwatipha! Munthuyu akubwera kudzaona umphawi wathu." Iwo amvekere, "Mlendo waboma ndimukhazike pamkeka? Manyazi amenewo ine ayi."

Bambo uja anakhala pakhushoni, nkumayang'ana wailesi ija, nkumalemba. Esinati misozi ili lengelenge.

Mwadzidzidzi anatulukira akazi a aphunzitsi. "Pepani anthuni, kwathu kwafika abusa, ndadzatenga katundu wanga." Mlendo anadzuka pampando, mpaka anathandiza nawo kunyamula tebulo! Anaseka koopsa, kenako anakhala pamkeka womwe Amayi amaukana uja, nkung'amba pepala loyamba, kuyambiranso kulemba. Potsanzika anati, "Mtsikana iwe, yamba kuchapa zovala. Dzina lako ndikalipereka ndekha."

Amayi avina mpaka fumbi koboo, nthungululu zawo kumveka kutsidya kwa msewu.

Tsono abale, mwanayu alibe sutikesi. Tisonkherane, kapena Amayi apitenso kwa aphunzitsi?